Ulemu, Mikangano ndi Mlandu Woipitsa Mbiri pa Magulu Ochezera a pa Foni

Magulu ochezera a pa foni, makamaka a WhatsApp ndi Facebook, asanduka malo amene Amalawi ambiri amakambiranapo za banja, za mpingo, za kuntchito ndi za ndale. Pali gulu la pachibale lotolerapo chipepeso maliro akagwa, la banki mkhonde, la makolo a ana a sukulu imodzi, la anthu amene anaphunzira limodzi kusekondale, ndi la anthu a mudzi umodzi omwe ena ali ku Lilongwe, ena ku Johannesburg, ena ku Britain. Ubwino wake ngwosachita kufunsa, pakuti uthenga umene kale unkadikira munthu wa njinga kapena chilengezo cha pa wailesi tsopano umafikira onse pa kamphindi. Koma mavuto amene amabuka m'magulu amenewa nawonso ngambiri, ndipo ali m'magawo atatu: kusowa ulemu, mikangano, ndi kuipitsa mbiri ya munthu. Kusowa ulemu ndi nkhani ya mwambo, mikangano ndi nkhani ya kayendetsedwe ka gulu, pomwe kuipitsa mbiri ndi nkhani ya malamulo. Zitatuzi kawirikawiri zimatsatana. Mawu a mwano amabala mkangano, ndipo mkangano ukafika povuta wina amalemba chinthu chimene angakachiyankhire kukhothi.

Kusiyana kwa kulankhula pamaso ndi kulemba pa gulu

Anthu akamakambirana maso ndi maso pamakhala zambiri zowabweza asanafike polakwirana. Pabwalo la mfumu kapena pamsonkhano wa pachibale pamakhala dongosolo la amene ayambe kulankhula ndi amene atsirize. Wolankhula amaona nkhope za omvera, ndipo akaona mkulu wina akuwerama kapena mayi wina akugwira pakamwa amadziwa kuti wapyola malire. Wokhala naye pafupi amatha kumukodola kuti akhale pansi. Kamvekedwe ka mawu kamasonyeza ngati munthu akuseka kapena wapsa mtima. Komanso mawuwo amamveka kwa okhawo amene alipo, ndipo akatha atha.

Pa gulu la pa foni zobwezazi palibe. Wolemba amakhala yekha, mwina usiku, mwina atakwiya kale ndi zina, ndipo saona mmene mawu ake akugwera pa mnzake. Katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, John Suler, analemba mu 2004 za chizolowezi cha anthu chonena pa intaneti zimene sangayerekeze kuzinena pamaso pa munthu. Mwa zifukwa zimene anatchula pali kusaonana, kusayankhana nthawi yomweyo, kudziona ngati wosadziwika, ndi kuchepa kwa mantha a akuluakulu. Chomalizachi chimaonekera kwambiri m'magulu a pachibale ndi a mpingo, m'mene uthenga wa amalume kapena wa abusa umaoneka chimodzimodzi ndi wa mnyamata wa Fomu 2.

Omvera nawo amakhala osakanikirana. Mwambo umalola nthabwala zoopsa pakati pa asuweni, kapena pakati pa agogo ndi adzukulu, monganso Angoni ndi Abemba a ku Zambia amanyogodolana popanda wokwiya. Koma chilolezo chimenechi chimadalira ubale wa awiriwo. Nthabwala yomweyo ikalembedwa pa gulu limene muli apongozi, ana ndi alendo, ambiri amaiwerenga ngati chipongwe.

Chosiyana chachikulu koposa n'chakuti zolembedwa sizitha. Gulu limodzi la WhatsApp likhoza kukhala ndi anthu 1,024. Kuyambira 2016 kampaniyi imatchinga mauthenga kuti wa kunja asawawerenge ali m'njira, koma izi sizitchinga a m'gulu momwemo. Aliyense akhoza kujambula screenshot n'kuitumiza kwina, ndipo kufufuta uthenga pambuyo pake sikuchotsa chithunzi chimene wina wasunga kale. Kudzibisa nakonso n'kovuta, chifukwa kuyambira 2018 nambala za foni m'Malawi zimalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake. Mwambi wa makolo wakuti mlandu suola ukugwira ntchito kwambiri pamene umboni uli m'foni za anthu mazanamazana.

Ulemu pa gulu

Ulemu umayambira pa katchulidwe ka munthu. Amene amaitanidwa kuti bambo, mayi, achimwene, achemwali kapena abusa pamaso ayenera kuitanidwa chimodzimodzi polemba. Kulembera munthu wamkulu kuti "iwe" m'malo mwa "inu", kapena kutchula dzina lake lopanda "a" patsogolo, kumamveka ngati kumuchotsa ulemu dala, ngakhale wolembayo atangofuna kufupikitsa. Mikangano yambiri imayamba pamenepa nkhani yeniyeni isanakhudzidwe n'komwe.

Chachiwiri ndi kulemekeza cholinga cha gulu. Gulu la maliro si malo otsatsirapo malonda, ndipo gulu la kuntchito si malo okopera anthu chipani. Kulowetsa munthu m'gulu osamufunsa kumaika nambala yake pamaso pa anthu osawadziwa. Mavidiyo ataliatali ndi mauthenga a mawu osatha amadya bandulo ya ena amene anaigula movutikira. Kuwongola Chingerezi cha munthu pagulu kumamuchititsa manyazi, ndipo m'magulu a anthu a zinenero zosiyana, kupitiriza kucheza m'chinenero chimene ena sachimva kumawapatula.

Pamene ulemu umasowa mopweteka kwambiri ndi pa nkhani za imfa ndi matenda. Mwambo uli ndi njira yolengezera maliro: akuluakulu a banja amadziwitsidwa, mfumu imauzidwa, ndipo achibale a pafupi amauzidwa mosamala ndi munthu woyenera. Lero zimachitika kuti mayi amve za imfa ya mwana wake poona chithunzi cha ngozi pa gulu, chifukwa wodutsa m'njira anafuna kukhala woyamba kufalitsa. Kujambula mtembo, wovulala kapena wodwala ali m'chipatala n'kutumiza pagulu ndi kulakwira iyeyo ndi abale ake. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amateteza ulemerero wa munthu m'gawo 19 ndi chinsinsi cha moyo wake m'gawo 21, choncho pano mwambo ndi lamulo zikugwirizana.

Magwero a mikangano ndi kakulidwe kake

Gwero loyamba ndi ndalama. Gulu lililonse lotolera chipepeso, zopereka za ukwati kapena masheya a banki mkhonde limafika pofunsa kuti ndalama zinayenda bwanji. Msungichuma akachedwa kupereka lipoti, manong'onong'o amayamba. Mndandanda wa amene sanapereke ukaikidwa pagulu, otchulidwawo amaona ngati awayalutsa. Gwero lachiwiri ndi ndale, makamaka zikasakanikirana ndi nkhani za mitundu ndi zigawo. Nyengo ya chisankho cha 2019, chimene khothi linachithetsa pa 3 February 2020, ndi chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020, inagawanitsa anthu m'magulu amene anakhazikitsidwira zina. Magwero ena ndi chipembedzo, chuma cha masiye, malire a minda, ndi kuganizirana za zibwenzi.

Kakulidwe ka mkangano kamafanana kwambiri. Poyamba anthu amatsutsana pa mfundo, monga kuchuluka kwa ndalama zimene zinatoleredwa. Kenaka wina amasiya mfundo n'kuloza munthu: khalidwe lake, kwawo, maphunziro ake, banja lake. Popeza anthu ambiri akuonerera, palibe amene amafuna kuoneka wogonja, ndipo aliyense amafuna kuti mawu omaliza akhale ake. Oonerera amagawikana, zakale zimafukulidwa, ena amatsegula kagulu kapambali kojedera anzawo, mpaka screenshot ya m'kagulu kaja ibwerere ku gulu lalikulu. Pamapeto pake wina amatuluka kapena kuchotsedwa, ndipo udaniwo umakapitirira kumudzi, kutchalitchi kapena ku ofesi.

Njira za makolo zothetsera milandu zinkapewa dala kuyambira pagulu. Nkhani ya m'banja imayamba ndi ankhoswe, ikalephereka imapita kwa akuluakulu a mbumba, kenaka kwa nyakwawa, ndipo pamapeto pamakhala kupepesa, mwina ndi nkhuku kapena mbuzi. Mipingo yambiri imatsatira dongosolo lofanana la pa Mateyu 18, loyamba ndi anthu awiri paokha nkhani isanafike kumpingo wonse. Gulu la pa foni limatembenuza dongosololi, chifukwa nkhani imayambira pa anthu onse, wotchulidwayo asanapatsidwe mpata woyankha kuseri.

Mphekesera zili ndi ngozi yoposa udani. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa pongoganiziridwa. Ku India mu 2018 mauthenga abodza a pa WhatsApp onena za akuba ana anachititsa kuti magulu a anthu aphe anthu osalakwa. Zitatero kampaniyo inachepetsa katumizidwe ka uthenga kuti uzipita kumalo asanu okha pa nthawi imodzi, ndipo mu January 2019 inafikitsa malirewa m'maiko onse. Malire amenewa amangochedwetsa mphekesera. Amene angaiimitse ndi munthu amene wailandira.

Kuipitsa mbiri m'maso mwa lamulo

Malamulo a Malawi pa nkhaniyi anachokera ku malamulo a ku England opangidwa ndi zigamulo za makhothi. Wodandaula ayenera kuonetsa zinthu zitatu. Choyamba, kuti mawuwo ngotsitsa ulemu wake m'maso mwa anthu oganiza bwino, kapena ngochititsa anthu kumuda, kumunyoza kapena kumupewa. Chachiwiri, kuti mawuwo akunena za iye. Chachitatu, kuti anafika kwa munthu wina wachitatu. Uthenga wonyoza wotumizidwa kwa mwini wake yekha si kuipitsa mbiri, ngakhale ungakhale mlandu wa mtundu wina, koma ukaikidwa pa gulu la anthu atatu okha, wafalitsidwa kale. Kunena kuti gululo n'lachinsinsi kapena n'la pachibale sikusintha kanthu.

Lamulo limasiyanitsa kutukwana ndi kunamizira. Kunena munthu kuti chitsiru mkangano uli mkati ndi mwano, koma omvera amadziwa kuti ndi mkwiyo chabe. Kunena kuti wakuba, wakatangale, mfiti, wachiwerewere, kapena kuti satifiketi yake njogula, ndi kunena chinthu chimene anthu angachikhulupirire ngati choona, ndipo pamenepa m'pamene mlandu umagona. Bizinesi nayo ikhoza kusuma ngati yanamiziridwa kuti imagulitsa katundu woba kapena wowonongeka.

Pali zikhulupiriro zitatu zimene zimagwetsa anthu m'mavuto. Choyamba n'chakuti kusatchula dzina kumapulumutsa. Ngati a m'gulu atha kuzindikira amene akunenedwa, monga polemba kuti "msungichuma wina" pa gulu limene lili ndi msungichuma mmodzi, munthuyo watchulidwa. Chachiwiri n'chakuti kuphiphiritsa kapena kufunsa funso si kunena. Khothi limayang'ana tanthauzo limene wowerenga wamba angatolepo. Ku England mu 2013, Sally Bercow anapezeka kuti anaipitsa mbiri ya Lord McAlpine ndi kauthenga kakafupi ka pa Twitter kolembedwa ngati funso, chifukwa owerenga anakalumikiza ndi nkhani yabodza imene inali m'kamwam'kamwa nthawiyo. Chachitatu, chofala koposa, n'chakuti wongopatsira ena alibe mlandu. Lamulo limati wobwereza mawu oipitsa mbiri wawafalitsa mwatsopano. Kulemba kuti "akuti", "ndangomva" kapena "ndatumiza momwe ndalandirira" sikumuchotsa pa mlandu.

Woyankha mlandu ali ndi njira zodzitetezera. Yaikulu ndi kuonetsa kuti zimene ananenazo n'zoona, koma udindo wobweretsa umboni umakhala pa iye, osati pa wodandaula. Kukhulupirira ndi mtima wonse kuti msungichuma anaba sikukwanira. Pafunika malisiti, mabuku kapena mboni. Njira yachiwiri ndi ndemanga yachilungamo pa nkhani yokhudza anthu onse, yochokera pa mfundo zoona. Kunena kuti phungu walephera ntchito chifukwa mlatho umene analonjeza sunamangidwe ndi maganizo ololedwa, koma kunena kuti anadya ndalama za mlathowo ndi mfundo yofuna umboni. Njira yachitatu ndi chitetezo cha malo ndi udindo. Zolankhulidwa m'Nyumba ya Malamulo ndi m'khothi n'zotetezedwa kotheratu. Dandaulo loperekedwa mwachilungamo kwa apolisi, kwa olemba ntchito kapena kwa komiti yoyenera limatetezedwanso, kupatula ngati linaperekedwa mwa njiru. Chitetezo chimenechi chimatha nkhaniyo ikamwazidwa kwa anthu amene sikuwakhudza.

Wodandaula akapambana, khothi limagamula chipukuta misozi, ndipo lingathenso kupereka chiletso kuti mawuwo asabwerezedwe. Poyeza ndalama limaona kukula kwa bodzalo, kuchuluka kwa anthu amene analimva, mbiri ya wodandaula, ndi khalidwe la wolakwayo pambuyo pake, makamaka ngati anapepesa kapena anaumirira.

Mbali ya milandu ya upandu

Kwa zaka zambiri kuipitsa mbiri polemba kunalinso mlandu wa upandu pansi pa gawo 200 la Penal Code, kutanthauza kuti munthu ankatha kumangidwa ndi apolisi. Mu July 2025 bwalo lalikulu la milandu, litakhala ndi oweruza atatu pomasulira malamulo oyendetsera dziko, linagamula pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele kuti gawoli likusemphana ndi ufulu wolankhula wa m'gawo 35. Bwaloli linaona kuti kuopseza munthu ndi ndende chifukwa cha mawu ndi chilango chopyola muyezo, chimene chimatseka anthu pakamwa ngakhale pa nkhani zoyenera kukambidwa, pomwe wolakwiridwa ali nayo kale njira yosumira chipukuta misozi. Apa Malawi anatsatira njira imene ena anadzera: bwalo la Africa loona za ufulu wa anthu pa mlandu wa Konaté wa ku Burkina Faso mu 2014, Zimbabwe mu 2014 ndi 2016, Kenya mu 2017 ndi Lesotho mu 2018. Zambia nayo inachotsa gawo 69 la Penal Code yake, lokhudza kunyoza pulezidenti, mu December 2022.

Chigamulo cha 2025 sichinapereke ufulu wonamizira anthu. Mlandu wa chipukuta misozi ulipobe, ndipo pali malamulo ena amene amakhudza mawu a pa foni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linaika m'gawo 86 mlandu wozunza kapena kuopseza munthu kudzera pa makina, wa chindapusa cha K2,000,000 ndi zaka 5 m'ndende. M'gawo 87 linaika mlandu wosowetsa munthu mtendere mwadala ndi mobwerezabwereza ndi mauthenga opanda cholinga choyenera, wa K1,000,000 ndi miyezi 12. Lamulo lomweli limavomereza mauthenga a pa makina kukhala umboni m'khothi. Penal Code ili ndi gawo 182 lokhudza mawu otukwana amene angasokoneze bata, ndi gawo 137 lokhudza kunyazitsa ulemu wa mkazi. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo ngozi ya mawu amenewa njodziwika m'dziko limene okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa pa zifukwa zotere. Kuulula kuti munthu ali ndi kachilombo ka HIV popanda chilolezo chake kumaphwanya chinsinsi chimene lamulo la HIV and AIDS la 2018 limateteza, ndipo pano kunena kuti n'zoona si chodzitetezera.

Kagwiritsidwe ntchito ka lamulo la 2016 kakhala kotsutsidwa. Mabungwe monga MISA Malawi adandaula kuti mawu a m'zigawo zina ngotambalala kwambiri, ndipo amagwiritsidwa ntchito pomanga atolankhani ndi anthu odzudzula akuluakulu a boma. Mu May 2024 bambo wina wa ku Mponela m'boma la Dowa anapezeka wolakwa chifukwa cha kanema ndi mawu onyoza Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti nthawiyo, zimene anaika pa gulu la WhatsApp la m'deralo, ndipo amene anakanena anali a m'gulu lomwelo. Mlanduwu unaonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti ufulu wodzudzula atsogoleri ukufunikabe kutetezedwa, ndiponso kuti palibe gulu limene lili lotsekeka kwenikweni.

Kuntchito nakonso mawu a pa gulu amatsata mwini wake. Wantchito wonyoza anzake kapena woulula zinsinsi za kampani akhoza kuitanidwa ku komiti ya mwambo, ngakhale lamulo la Employment Act la 2000 limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka ndiponso kuti amvedwe asanachotsedwe.

Udindo wa adimini

Funso lovuta ndi lakuti woyang'anira gulu ali ndi mlandu wanji pa zolemba za ena. Mfundo yake njakale kuposa intaneti. Pa mlandu wa Byrne ndi Deane ku England mu 1937, khothi linaona kuti eni malo amene adziwa za chikalata chonyoza chopachikidwa pakhoma lawo, ali ndi mphamvu yochichotsa koma n'kuchisiya, angatengedwe ngati ofalitsa nawo. Ku South Africa mu 2013, pa mlandu wa Isparta ndi Richter, khothi linalamula mwamuna ndi mkazi wake kulipira R40,000 chifukwa cha zimene mkaziyo analemba pa Facebook. Mwamunayo sanalembe kanthu, koma dzina lake linalumikizidwa ku zolembazo ndipo iye anadziwa osadzichotsapo. Ku Australia mu 2021, pa mlandu wa Voller, bwalo lalikulu koposa linagamula kuti makampani a nkhani ngofalitsa a zimene anthu ena analemba pamasamba awo a Facebook. Zigamulo za kunjazi sizimanga makhothi a Malawi, koma oweruza amatha kuziganizira pokumana ndi funso lofanana.

Chimene chikuoneka pa milandu yonseyi n'chakuti ngozi ya adimini imakula akadziwa n'kungokhala chete. Kuyambira 2022 WhatsApp inapatsa maadimini mphamvu yofufuta uthenga wa munthu wina, choncho kunena kuti analibe chochita sikumvekanso. Gulu loyenda bwino limakhala ndi malamulo achidule olembedwa poyera, onena cholinga chake, zoletsedwa ndi chilango chake. Limakhala ndi maadimini oposa mmodzi, ochokera mbali zosiyana, kuti chigamulo chisaoneke ngati cha kukondera. Mkangano ukayamba, adimini amaimbira okanganawo payekhapayekha, ndipo ngati kwatentha kwambiri amatseka gulu kwa maola angapo kuti olemba akhale maadimini okha. Uthenga wonamizira munthu umachotsedwa msanga, umboni wake utasungidwa. Pa magulu a ndalama, lipoti la nthawi ndi nthawi lokhala ndi malisiti limatseka mpata wa manong'onong'o asanayambe.

Magulu odutsa malire a maiko

Magulu ambiri a pachibale ali ndi anthu okhala m'maiko osiyana, ndipo mlandu woipitsa mbiri umatha kuzengedwa kumene mawuwo anawerengedwa. Malamulo ake amasiyana. Ku South Africa kuonetsa kuti mawu ngoona pakokha sikukwanira. Pafunikanso kuonetsa kuti kuwafalitsa kunali kothandiza anthu. Ku England lamulo la Defamation Act la 2013 limafuna kuti wodandaula aonetse kuti mbiri yake yawonongeka kwambiri kapena ikhoza kutero, komabe mu 2017 Katie Hopkins analamulidwa kulipira Jack Monroe £24,000 chifukwa cha mauthenga awiri a pa Twitter, kuwonjezera pa ndalama zambiri za maloya. Wokhala kunja amene amalemba za abale a kumudzi poganiza kuti ali patali amaiwala kuti ali ndi katundu, mbiri ndi achibale kwawo, ndipo akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Njira za wolakwiridwa ndi wolakwa

Munthu amene wanamiziridwa pagulu amapindula akayamba ndi kusunga umboni woonetsa mawuwo, nambala ya wolemba, tsiku ndi dzina la gulu. Kubwezera ndi mawu ofanana kumafooketsa dandaulo lake ndipo kungamupatse mlandu wakewake. Chotsatira ndi kupempha wolembayo ndi adimini kuti achotse uthengawo ndi kuwongola bodzalo pa gulu lomwelo. Zikakanika, pali akuluakulu a banja, a mpingo kapena mfumu. Pali kalata ya loya yofuna kupepesa. Ndipo pomalizira pake pali khothi. Ngakhale ku bwalo lalikulu, malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadzera kwa mkhalapakati. Pamene pali kuopseza, kuzunza kobwerezabwereza kapena kufalitsa zithunzi zamaliseche, nkhaniyo nja apolisi, ndipo osowa ndalama za loya akhoza kufunsa thandizo ku Legal Aid Bureau. Milandu ya kukhothi imatenga nthawi ndi ndalama, ndipo nthawi zina imafalitsa bodzalo kuposa poyamba, n'chifukwa chake njira zoyambirirazo n'zofunika kuziyesa mokwanira.

Wolakwa naye ali ndi mpata wochepetsa mlandu. Kupepesa kothandiza kumachitika msanga, pamalo pomwe bodzalo linanenedwa, kumatchula chimene chinali chabodza, ndipo kumapempha amene anapatsira ena kuti awongolenso kumeneko. Kupepesa kwa "ngati ndinakulakwirani" sikubweza mbiri ya munthu, chifukwa sikuvomereza kuti zonenedwazo zinali zabodza.

Zonsezi sizitanthauza kuti anthu azikhala chete poona zolakwika. Msungichuma ayenera kufunsidwa za ndalama, mtsogoleri ayenera kudzudzulidwa, ndipo wozunzidwa ayenera kulankhula. Kusiyana kuli pa kanenedwe ndi malo. Kufunsa kuti lipoti la ndalama lituluka liti ndi ufulu wa membala aliyense, pomwe kulengeza kuti wina waba popanda umboni ndi mlandu. Wokhala ndi umboni wa katangale ali ndi kokapereka, monga ku bungwe la Anti-Corruption Bureau, ku ofesi ya Ombudsman kapena kupolisi, kumene dandaulo lake limatetezedwa ndi lamulo ndipo lingafufuzidwe. Lamulo limaona uthenga wa pa gulu ngati mawu ofalitsidwa poyera, ndipo aliyense amene waulemba, waupatsira ena kapena wausiya dala ali ndi mphamvu youchotsa akhoza kufunsidwa kuti auyankhire.